Tchaja ya galimoto si ya foni

Kukwera mtengo kwa mafuta kwachititsa amalonda ena kusirira galimoto zoyendera magetsi. Nzeruyi ndi yabwino, koma powerengera phindu asaiwale ndalama yotetezera tchaja ya pakhomo.

Soketi wamba imapirira ma amp 13 okha, pomwe tchaja ya makilowati 7 imakoka ma amp pafupifupi 32 kwa maola angapo osapumira. Waya wowonda amatentha, ndipo moto umayambira pomwepo. N'chifukwa chake tchajayi imafuna waya wakewake wonenepa wochokera ku bokosi la magetsi, buleka yakeyake, waya wa earth wolumikizidwa bwino, komanso RCD ya 30mA yomwe imadula magetsi msanga akayamba kudutsa m'thupi la munthu. Poti magetsi a Escom amathimathima, pafunikanso chida choteteza tchaja akabwera ndi mphamvu yopyola muyezo.

Ntchitoyi ndi ya mmisiri wovomerezedwa ndi Mera, osati aliyense wodziwa kupota mawaya. Ndalama yomwe munthu angapulumutse pokana kugula buleka singabweze nyumba, galimoto ndi katundu wa mu okala zikapsa usiku umodzi.