Zizindikiro za kumwamba si malodza

Mwezi wa Ramadhan umatikakamiza kukweza maso. Kuyamba kumanga timadikira kamwezi katsopano, daku timamalizira poona kucha, futali timadikira dzuwa lilowe. Zaka zino Ramadhan ikugwa m'nyengo ya mvula, chifukwa chaka cha mwezi chimachepa ndi masiku 10 kapena 11 poyerekeza ndi cha dzuwa. Kuno ku Makata mitambo ikakuta phiri la Ndirande, kamwezi sikaoneka, ndipo timangokwaniritsa masiku 30 monga Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, anatiphunzitsira.

Qur'an yolemekezeka ili ndi masura otchedwa mayina a dzuwa, mwezi, nyenyezi ndi bingu: Ash-Shams, Al-Qamar, An-Najm ndi Ar-Ra'd. Kuti thambo ndi chizindikiro cha ukulu wa Allah, palibe Msilamu angatsutse. Pomwe tikusokonekera ndi pa kawerengedwe ka zizindikirozo.

Usiku wa pa 7 September 2025 mwezi unafiira ngati magazi, monganso pa 27 July 2018, pomwe unakhala mu mthunzi wathunthu kwa ola limodzi ndi mphindi 43. Kadamsana wotere akachitika, mafoni amadzaza ndi mauthenga akuti kufa munthu wamkulu, kapena kuti Qiyama yafika. Nkhaniyi inatha kale nthawi ya Mtumiki. Tsiku lomwe mwana wake Ibrahim anamwalira ku Madina, dzuwa linachita kadamsana, anthu nkumati lachita mdima chifukwa cha malirowo. Mtumiki, ali m'kati mwa chisoni, anakana zimenezo. Anafotokoza kuti imfa kapena kubadwa kwa munthu sikudetsa dzuwa kapena mwezi, ndipo analamula kuti zikachitika tiswali, tipemphe kwa Allah ndi kupereka sadaka. Bambo wolira mwana wake akanatha kungokhala chete, ulemu nkumuchulukira. Sanatero.

Ana athu a kusekondale amaphunzira kuti mwezi umafiira dziko likakhala pakati pa iwo ndi dzuwa. Kuwala kodutsa mu mpweya wozungulira dziko kumataya mtundu wabuluu, kofiira nkupindikira pa mwezi, ndipo nchimodzimodzi ndi kufiira komwe timakuona pa Magharibi. Mkombero umene nthawi zina umazungulira dzuwa masana umabwera chifukwa cha tizidutswa ta madzi oundana m'mitambo yopyapyala ya kutali. Makolo ena amakwiya mwana akafotokoza chonchi, ati sukulu ikumuchotsa imani. Ife ku madrasa timaona mosiyana. Akatswiri amatha kunena tsiku ndi mphindi ya kadamsana zaka zambiri asanachitike chifukwa Mlengi anaika dongosolo losaphonya. Mwana wodziwa zimenezi akamati Subhanallah amadziwa chomwe akudabwa nacho.

Komanso tisiye kutumizirana zithunzi za mitambo yolemba dzina la Allah, zija zimabwera ndi lamulo loti utumize kwa anthu khumi. Zambiri zimakonzedwa pa kompyuta. Bodza lonamizira chipembedzo ndi bodza ndithu, ndipo wachinyamata akadzazindikira kuti chithunzicho chinali chopanga, amayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

Chovuta kwambiri ndi pamene thambo lapha anthu. Namondwe wa Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu February 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, ndipo anakhala masiku 36, kuposa namondwe aliyense wolembedwa m'mbiri. Analowanso ku Mozambique kufupi ndi Quelimane pa 11 March, kenako matope ndi miyala ya m'phiri la Soche zinatsikira pa Chilobwe. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno, patangotsala masiku ochepa kuti Ramadhan iyambe. Panali ena omwe anathamangira kunena kuti ndi chilango cha ochimwa. Anawauza ndani? M'matope muja munali makanda, munali okalamba, munali oswali ndi osaswali. Kunena kuti Allah walanga uje ndi kudzipatsa chidziwitso chobisika chomwe si chathu. Chimene maso athu angaone ndi mapiri omwe tinawameta mitengo, ndi umphawi womwe umakankhira mabanja kukamanga nyumba m'mbali mwa phiri ndi m'mphepete mwa Mudi ndi Nasolo. Nthambi yoona za nyengo, yomwe likulu lake lili mumzinda muno, ikachenjeza kuti tisamuke, kumvera si kuchepa kwa tawakkul. Ngamira imayamba yamangidwa kaye.

Madzulo a tsiku la 29 la Ramadhan, ngati kwayera, tulukani ndi ana mukatha Magharibi. Yang'anani chakumadzulo, pamwamba pang'ono pa pomwe dzuwa lalowera. Kamwezi ka Shawwal kamakhala kowonda ngati chikhadabo ndipo sikachedwa kulowa. Amene wakaona akauze a Shehe a pamzikiti, asayambe ndi kulengeza Eid pa WhatsApp.