Airbag si chithumwa, abale anga a ku Bapong

Mwezi ukatha kuno ku Bapong, anyamata athu akalandira za kumgodi wa platinamu kapena za maganyu, nkhani imakhala ya galimoto. Mumupeza munthu m'mbali mwa msewu wa R556 akumenya matayala ndi phazi, akukweza wailesi kuti amve ngati ikugunda bwino, akufunsa ngati ikafike ku Mzimba pa Disembala. Za airbag safunsa. Zimenezi zimandiwawa mumtima.

Pakati pa chiwongolero pamalembedwa kuti SRS AIRBAG. M'kati mwakemo muli thumba la nayiloni lopindidwa bwinobwino. Galimoto ikawomba chinthu mwamphamvu, kachipangizo kamamva kugundako n'kuyatsa mankhwala otulutsa mpweya, thumba lija n'kufufuma musanaphethire n'komwe. Nkhope ndi chifuwa zimagwera pathumbalo m'malo mwa chiwongolero, kenako limaphwa kudzera m'timabowo take. Limagwira ntchito kamodzi kokha basi.

Chinyengo chimalowera pamenepo. Pali galimoto zimene zinachitapo ngozi yaikulu, n'kuwongoledwa, n'kupentedwa, mapepala ake n'kulembedwa Code 3. Ogulitsa ena osaopa Mulungu amatseka chiwongolero chopanda kanthu m'kati, nyale yochenjeza n'kuithimitsa. Inu tembenuzani kiyi muyang'ane: nyale ya airbag iyenera kuyaka kwa masekondi ochepa, kenako n'kuzima. Ikapanda kuyaka, kapena ikangoyakabe osazima, ndalama yanu ibwerere m'thumba.

Ndipo musati yatsopano ndiye yatha nkhani. Mu 2018 bungwe la Global NCAP pamodzi ndi AA ya ku South Africa anayesa Nissan NP300 Hardbody, bakkie imene ambiri timaisirira, poiwombetsa pa liwiro la makilomita 64 pa ola. Inali ndi ma airbag awiri, komabe sinapeze nyenyezi ndi imodzi yomwe pa chitetezo cha akuluakulu, chifukwa thupi lake linakhwinyika. Thumba lingakupulumutseni bwanji chitsulo chikukupanani?

Koma mlandu wina ndi wathu. Airbag anaipanga kuti izithandizana ndi lamba. Wopanda lamba amaponyedwa kutsogolo n'kukumana ndi thumba lija likutuluka ndi mphamvu yake yonse, ndipo limamumenya ngati chibakera. Tsiku lina ndinaona mayi atakhala kutsogolo, khanda lili pamiyendo, mutu wake utayang'anizana ndi dashibodi, bambo akuseka pachiwongolero, lamba atamumangira kumbuyo kwa mpando kuti galimoto isalire. Tangoganizani thumba lija litaphulikira pamutu wa mwanayo.

Tinachoka kumudzi kudzafuna ndalama, ndipo tatopa kusonkherana zotumizira maliro kudzera pa Beitbridge. Achimwene, musanalipire, yang'anani nyale ija ndi mapepala a galimotoyo. Mukalowa, mangani lamba, ndipo ana akhale kumbuyo.