Manda Ozizira a m'Khitchini

Pali bodza lina limene ife okhala m'matauni tazolowera kudzinamiza nalo, ndipo lifunika kutsutsidwa poyera. Bodzalo ndi lakuti chakudya chimene taika m'firiji tachisunga. Iyayi. Nthawi zambiri tangochiika m'manda ozizira, kuti tsiku lochitaya lifike mtima utaleka kale kutitsutsa.

Tatsegulani chigawo chija choumitsira nyama, mupise dzanja mpaka pansi. Mudzapeza majumbo oundana gwa, amene ngakhale mayi wa pa nyumbapo sangathe kunena ngati muli nyama ya mbuzi kapena chambo cha pa Khirisimasi. Ena adzati, "Nanga chalakwika nchiyani, poti sichinawole?" Tiwayankhe. Kuzizira kwa madigiri 18 kunsi kwa ziro sikupha tizilombo towoletsa chakudya, kumangotigoneka tulo. Pamene tili mtulomo nyama imanka niuma, imatuwa, kukoma kwake nkutha, kufikira palibenso woilakalaka. Ndipo magetsi akazima, monga tidziwira tonse, firiji yoti yadzaza ndipo sikutsegulidwa imagwira kuzizira pafupifupi maola 48, yatheka maola 24 okha. Akapitirira apo, tizilombo tija tadzuka.

Tisaganize kuti uwu ndi mlandu wa azungu okha. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe lidalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi lidataya chakudya chokwana matani 1.05 biliyoni, ndipo magawo 60 mwa 100 alionse adatayidwa m'makomo, osati m'masitolo kapena m'mahotela. Lidapezanso kuti pa khalidwe limeneli maiko olemera ndi ongopezako pang'ono sasiyana kwenikweni.

Koma chotiwawa kopambana si matani amenewa. Makolo athu ankadziwa kusunga: ankafutsa nkhwani ndi khwanya nazimanga m'zikwatu, nyama ankaiwamba pa moto, mkute wa dzulo ana ankadyera m'mawa. Komabe munthu akapha mbuzi sankatha kuisunga yonse, choncho mwana ankatumidwa ndi mbale kwa azakhali, kwa agogo, kwa mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda. Kuwola kwa nyama ndiko kunkatikakamiza kukumbukira anzathu. Lero firiji yatichotsera chikakamizo chimenecho, ndipo taoneka mmene tilili. Mwendo wa mbuzi umene kale ukadadyetsa makomo atatu ukugona miyezi isanu ndi umodzi mu ayezi, pomwe mlonda wa pa geti akudyera nsima yake mchere. Kenaka tsiku loyeretsa firiji timtuma mlonda yemweyo kukautaya kudzala!

Chipangizocho sitikuchida, chimathandiza ndithu mayi wogwira ntchito amene amaphika nyemba za mlungu wonse tsiku limodzi. Chimene tikukana ndi kuikamo chinthu popanda kudziwa tsiku lodzachidya. Jumbo lililonse lilembedwe dzina la chimene chilimo ndi tsiku loikira. Zakale zikhale pamwamba, zatsopano pansi. Tisanapite ku msika tiyambe tasuzumiramo. Ndipo chimene taona kuti banja silichimaliza mwezi uno chituluke lero lomwe, chikadali chokoma, mwana apite nacho pa mbale kuseri kwa mpanda kuja.