Tisanadzudzule Nyimbo za Ana, Tikumbuke Kumene Zathu Zidachokera

Aliyense amene adakwerapo minibasi kuchoka ku Blantyre kuloŵera ku Lirangwe, kapena amene adakhalapo pa ukwati ku Chileka, akuudziŵa mkangano umene umabuka pa nkhani ya nyimbo. Mnyamata wa zimbo akaika nyimbo za masiku ano, akuluakulu amapukusa mitu nanena kuti ili ndi phokoso chabe. Akaika zakale, achinyamata amatuluka m'bwalo, ati tsabola wakale saŵaŵa. Pa ukwati mkanganowu umathera m'kuseka ndi m'perekaniperekani. Koma ukaloŵa m'sukulu ndi m'maofesi sutheranso m'kuseka ayi, pakuti kumeneko munthu amene nyimboyo siimkomera ndiyenso ali ndi mphamvu yoiletsa. N'chifukwa chake lero tafuna kulankhula ndi aphunzitsi ndi akuluakulu ogwira ntchito m'boma.

Tiyambe ndi kuvomera chinthu chimene ambiri a ife sitifuna kuchivomera. Khutu limakalamba monga momwe bondo limakalambira. Nyimbo imene munthu adaimva pamene ankalemba mayeso a JC, pamene ankafunsira mbeta, kapena pamene adalandira malipiro ake oyamba, imakhala mumtima mwake mpaka imvi. Saikonda chifukwa chakuti idapekedwa bwino koposa zonse. Amaikonda chifukwa idamupeza mtima ukadali wofeŵa. Akafika zaka 40 ali ndi ana, ali ndi ngongole, akuganiza za feteleza ndi fizi, ndipo alibenso nthaŵi yomvera nyimbo imodzi katatu kapena kanayi kuti aizoloŵere. Nyimbo yachilendo imafuna kuimva kangapo, koma munthu wamkulu amaipatsa mphindi imodzi basi naiweruza. Palibe cholakwa pa kukonda nyimbo za paunyamata wako. Cholakwa ndicho kutenga kukalamba kwa khutu lako n'kukutcha kusunga mwambo.

Palibe dera m'dziko muno limene lingatiphunzitse bwino za nkhaniyi kuposa Chileka. Lero dzina la malemu Daniel Kachamba, amene adabadwa mu 1947 namwalira mu 1987, ndi la mng'ono wawo malemu Donald Kachamba, amene adatisiya mu 2001, timaŵatchula mwaulemu ngati mizati ya nyimbo za Chimalaŵi. Akuluakulu ambiri akafuna kudzudzula ana amati bwanji osaimba ngati a Kachamba. Komatu nyimbo zimene anyamata a m'mudzi wa Singano ameneŵa adatchuka nazo sizidachokere kwa makolo. Kwela idaphuka m'miseu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, kumene anyamata onga Spokes Mashiyane ankaliza kachitoliro kotchipa kachitsulo. Idafika kuno m'masutikesi a anthu athu obwerera kuchokera ku migodi ndi ku mapulazi, amene ankabwera ndi galamafoni ndi malekodi ake. Ndege za Wenela zonyamula anthu a ku migodi zinkatera pa bwalo la Chileka pomwepo kufikira 1974, pamene boma lidaimitsa ulendowo itachitika ngozi ya ku Francistown. Ana a Kachamba nawonso adakhalako ku Salisbury, kumene lero kumatchedwa Harare, ndipo makutu awo adakulira m'nyimbo za m'tauni za kumwera.

Pamene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, adaŵapeza mu 1967, iwo ankaimba m'mseu mu Blantyre. Tidzifunse moona mtima: kodi mphunzitsi wamkulu wa masiku amenewo akadaŵaitana ana oimba m'mseu nyimbo za ku Joni kuti adzaimbe pa tsiku lotsekera sukulu? Ife sitikhulupirira. Komabe taonani zimene adachita ndi nyimbo yobwerayo. Adaiveka mau a Chicheŵa ndi nkhani za kwathu. Besi yawo idali babatoni, bokosi la chingwe chimodzi lopangidwa pakhomo. Donald ankaloŵetsa chitoliro chija mkati mwa tsaya chopendeketsa, monga amachitira akatswiri a kwela, kuti mau ake atuluke okhuthala. Mu 1974 buku lonena za gulu lawo lidasindikizidwa, ndipo mu 1999 Donald adakaphunzitsa nyimbo zake pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. A Kachamba adalandira kalumoko, nameta nako mitu ya kwawo.

Nkhani siidathere pomwepo. Ku Chileka komweko malemu Robert Fumulani adatsogolera gulu la Likhubula River, ndipo nyimbo zawo zidamveka kwambiri pa wailesi ya MBC. Ana awo atakula sadatsate phazi ndi phazi. Iwo pamodzi ndi mbale wawo Evison Matafale adatenga rege wa ku Jamaica. Tikumbuke kuti kwa zaka zambiri lamulo linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, kotero kuti makolo ambiri pakuona anyamata a tsitsi lopota adangoti aŵa ndi osuta chamba, ndipo nyimbo zawo n'zosokoneza ana. Matafale adatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, namwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi, imfa imene idagwedeza dziko lonse. Anzake a Black Missionaries adapitiriza Kuimba kuja chimbale ndi chimbale, ngakhale adataya Musamude Fumulani mu 2007. Tsitsi lija lidapitirira kuvutitsa ana m'sukulu za boma mpaka bwalo lalikulu la milandu ku Zomba lidagamula mu 2023 kuti ana a Chirasita aziloledwa kuphunzira ndi tsitsi lawo.

Tsono apa ndiye pali chodabwitsa. Mnyamata amene mu 2001 ankabisa kaseti ya Matafale pansi pa matiresi kuti asalandidwe ku sukulu yogonera konko, lero ali ndi zaka zoposa 40. Ena mwa otere ndiwo aphunzitsi aakulu, ena ndi alangizi a maphunziro, ena ndi makhansala. Rege amene makolo awo adamunyoza, iwo akumutcha nyimbo yeniyeni, yauthenga, yaulemu. Ndipo ndi iwo omwe akumva amapiano a ku South Africa kapena nyimbo zolankhula mothamanga za anyamata a ku Ndirande, nanena mau omwe aja amene adaŵapweteka ali ana. Amapiano adzera njira yomwe idadzera kwela, kuchokera m'matauni omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwela idabwera m'sutikesi pamene iyi yabwera m'foni.

Tisamveke ngati tikunena kuti nyimbo iliyonse ndi yabwino. Zilipo nyimbo zotukwana, zonyoza amayi, zotamanda uchidakwa, ndipo mphunzitsi amene angazilole pa bwalo la sukulu walephera udindo wake. Kulinso vuto la zimbo zolira usiku wonse m'malo a malonda onga Lirangwe ndi Lunzu, ngakhale m'nyengo ya mayeso, pamene mwana akuyesa kuŵerenga ndi nyali. Pa zimenezi mafumu, makhonsolo ndi apolisi ali ndi mphamvu, ndipo tikuŵalimbikitsa kuigwiritsa ntchito. Koma tisiyanitse zinthu. Mlandu uli pa mau ndi pa ola. Suli pa kaliridwe ka ng'oma. Ngakhale makolo athu adali nazo nyimbo za mau olasa, za pamtondo ndi za kuchinamwali, koma ankadziŵa pozimbira ndipo ankazikulunga m'zining'a. Chimene chasoŵa lero ndi malire amenewo, pakuti foni imaika nyimbo ya kumoŵa m'thumba la mwana wa Sitandade 5. Nanga munthu angamuthandize bwanji mwanayo kusankha ngati iye mwini sadamvereko ngakhale imodzi mpaka kumapeto? Mphunzitsi wa Chicheŵa saweruza chimangirizo asanachiŵerenge. Nyimbo nayonso iŵerengedwe, kenaka iweruzidwe.

Pali bodza linanso limene timadzinamiza nalo, lakuti ana a masiku ano amadana ndi nyimbo zakale. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu adabadwa mu 1930. Mu 2020 Patience Namadingo adakhala nawo pansi najambula nawo nyimbo zawo zakale m'kaimbidwe katsopano, ndipo posakhalitsa nyimbo ya Linny Hoo idafalikira pa TikTok kufikira maiko akutali. Amene adaifalitsa sanali anthu a imvi ayi. Adali ana omwe aja timati alibe makutu. Ana sadakane a Chalamanda. Padalibe amene adaŵapatsa a Chalamanda m'njira imene iwo amamvera nyimbo.

Apa ndipo pali ntchito yathu, ndipo ndi ntchito imene siidikira. M'sukulu za pulaimale muli phunziro la luso ndi zaumisiri, m'mene muli nyimbo ndi magule. Kaŵirikaŵiri phunziroli limangothera pa bolodi, ana kuloŵeza maina a zoimbira zimene sadazionepo, kapena nthaŵi yake imabedwa n'kupatsidwa masamu. Chikhala chovuta n'chiyani kuti mphunzitsi auze ana abweretse nyimbo imodzi imene akuikonda, iye abweretse imodzi ya a Kachamba kapena ya Allan Namoko, onse amvere pamodzi, nafunsane kuti woimbayo akunena chiyani, ng'oma ikuyenda bwanji, ndipo mau aŵa angaimbidwe pamaso pa agogo kapena ayi? Mwana amene wafunsidwa maganizo ake pa nyimbo amaphunzira kuisefa yekha, pamene mwana wongoletsedwa amaphunzira kubisa. Babatoni safuna ndalama za boma. Afuna bokosi, mtengo ndi chingwe. M'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe mukadali okalamba odziŵa bangwe ndi banjo, ndipo chaka chilichonse timaika m'manda ena a iwo osaŵajambula, osaŵaitana ngakhale kamodzi kudzaima pamaso pa ana.

Kwa akuluakulu a ku khonsolo ya boma la Blantyre ndi a ku unduna woona za chikhalidwe tikuti: n'zomvetsa chisoni kuti wophunzira wa ku Vienna angamve nyimbo za a Kachamba mosavuta kuposa mwana wobadwira m'mbali mwa bwalo la ndege la Chileka. Nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Kwa Singano komweko Dr Moya Aliya Malamusi adakhazikitsa mu 1989 ntchito yofufuza ndi kusunga nthano, nyimbo ndi zoimbira za makolo. Chuma chotere chiyenera kufika m'manja mwa aphunzitsi, pa makadi a m'foni otchipa omwe aja amagulitsidwa pa msika ali odzaza ndi nyimbo za kunja. Tikupempha alangizi a maphunziro a m'zigawo za Chileka ndi Lirangwe kuti nkhaniyi aiike pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wawo woyamba wa teremu ikudzayi, ndipo pa msonkhanowo pakhale wailesi, osati mapepala okha.