Kuyenda N'kuona: Ulendo Wopanda Mtengo mu Mzinda wa Puebla

Ulendo uno tikutengerani ku Puebla, mzinda wakale wa m'dziko la Mexico, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku likulu la dzikolo, Mexico City. Kumeneko tidaona ntchito ina imene idatidabwitsa. Munthu amakuyendetsani wapansi mumzinda kwa maola awiri kapena atatu, n'kumakufotokozerani mbiri yake, koma osatchula mtengo. Pamapeto pake mlendo aliyense amapereka zimene mtima wake wamuuza. Oitanira alendo amalengeza kuti ulendowu ndi waulere, ndipo ifenso tidapita tili ndi maganizo omwewo.

Tidasonkhana m'mawa pabwalo lalikulu la pakati pa mzinda, limene eni ake amalitcha Zócalo. Tidalipo alendo 14 ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Wotitsogolera adali mayi wina wachitsikana, atanyamula ambulera kuti tisamusowe pakati pa chinamtindi cha anthu. Adayamba ndi kutichenjeza kuti tiziyenda modekha, popeza mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 2,100 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mlendo sachedwa kuchita befu.

Adatiuza kuti anthu a ku Spain ndiwo adayamba kumanga mzindawu m'chaka cha 1531, panjira yochokera ku doko la Veracruz kupita ku likulu. Misewu yake adayiwongola ngati mizere ya m'kope, mwakuti n'kovuta kusochera. M'chaka cha 1987 bungwe la UNESCO lidaika chigawo chakalechi m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Pambali pa bwaloli pali tchalitchi chachikulu chimene adayamba kumanga mu 1575 n'kuchitsegulira mu 1649. Nsanja zake ziwiri n'zotalika mamita pafupifupi 70.

Kuseri kwa tchalitchicho tidalowa m'nyumba ya mabuku yotchedwa Biblioteca Palafoxiana. Bishopu Juan de Palafox y Mendoza ndiye adaiyambitsa mu 1646, atapereka mabuku ake 5,000 kuti aliyense wodziwa kuwerenga azitha kuwagwiritsa ntchito. Lero muli mabuku oposa 45,000, ndipo ambiri amati iyi ndiyo laibulale yoyamba ya anthu onse m'maiko a ku America.

Titatuluka, mayi uja adatiimika patsogolo pa nyumba ina imene khoma lake lidali lokutidwa ndi matailosi onyezimira, oyera ndi abuluu, ena achikasu. Matailosi otere ali ponseponse mu Puebla, ndipo amawatcha Talavera. Apa m'pamene tidatchera khutu kwambiri. Luso lopaka dongo utoto woyera wonyezimira musanaliwotche kachiwiri lidayambira ku Iraq m'zaka za m'ma 800. Asilamu adafika nalo ku Spain, ndipo amisiri a ku Spain adawoloka nalo nyanja mpaka ku Mexico m'zaka za m'ma 1500. Ngakhale dzina la tailosi m'Chisipanishi, azulejo, lidachokera ku Chiarabu. Tikadayenda tokha tikadangoti makoma okongola, n'kudutsa.

Kuchokera apo tidalowa mumsewu wa 6 Oriente, umene umadziwika ndi masitolo a maswiti. Otchuka kwambiri ndi camote, opangidwa kuchokera ku mbatata yophika ndi shuga. Mumsewu womwewo muli nyumba ya banja la Serdán, imene khoma lake likadali ndi zibowo za zipolopolo. Pa 18 November 1910 apolisi adabwera kudzafufuza mfuti m'nyumbayi, eni ake adakana, ndipo kuwomberana kudabuka. Apa n'kuti kutatsala masiku awiri kuti nkhondo yogwetsa boma la Porfirio Díaz iyambe.

Dzuwa litafika pamutu, njala idatipeza. Fungo la nyama yowotcha lidatikokera pamalo ena pamene nyama idali kuzungulira pa chitsulo choimika pafupi ndi moto. Pakhomo padalembedwa kuti tacos árabes. Titaona mawu akuti árabes mitima idakhala pansi, poganiza kuti chakudya cha Aarabu sichingakhale ndi vuto kwa ife. Komabe m'modzi mwa ife adafunsa kuti, "Kodi mayi, nyama imeneyi ndi ya chiyani?" Iye adayankha kuti, "Mwachita bwino kufunsa, bambo. Kawotchedwe kameneka kadabweradi ndi anthu ochokera ku Middle East, koma masiku ano kuno amagwiritsa ntchito nyama ya nkhumba." Adationjezera kuti ophika ambiri amathira mafuta a nkhumba ngakhale mu nyemba, choncho tizifunsa nthawi zonse. Kenaka adatilozera kumene tingapeze nsomba. Akuluakulu sadaname, safunsa adadya phula.

Ulendo udathera pabwalo lomwe lija. Mayiyo adatithokoza, n'kunena mwaulemu kuti amene wakondwa atha kupereka kangachepe. Apa m'pamene tidaona zomvetsa chisoni. Alendo anayi, amene adayenda nafe maola atatu athunthu ndipo ankafunsa mafunso kuposa tonse, adayamba kuchita ngati akujambula nsanja za tchalitchi. Pang'ono ndi pang'ono adalowerera m'gulu la anthu, osatsazika n'komwe.

Tisadziyeretse, ifenso tidali titakonzeratu timakobiri tochepa m'thumba. Koma titamufunsa mayi uja za malipiro ake, adatiuza kuti salandira kanthu pakutha pa mwezi. Amadalira zimene alendo apereka basi. Adatinso kampani imene imamupezera alendo pa intaneti imamulipiritsa ndalama pa mutu wa mlendo aliyense amene wabwera, kaya mlendoyo wapereka kaya sadapereke. Tsono anayi aja sadangomumana thukuta lake, adamusiyiranso ngongole. Tidachita manyazi. Tidabweza timakobiri tija, ndipo aliyense wa ife adapereka mapeso 200.

Abale ndi alongo, mtengo ukalembedwa pakhomo munthu amalipira chifukwa palibe kothawira. Koma pamene sudalembedwe, ndipo palibe amene angakutsateni, ndi pamene khalidwe lanu limaonekera. Mawu akuti waulere amangotanthauza kuti wantchitoyo wasiya malipiro ake m'manja mwanu. Iye adawerenga mabuku, adaloweza zaka ndi mayina, amayenda padzuwa tsiku ndi tsiku, ndipo kunyumba akumudikira.

Choncho mukadzakhala ndi mwayi woyenda ulendo wotere, kaya ku Puebla kaya mumzinda wina uliwonse, mudzatenge ndalama zosinthasintha za dzikolo. Mudzafunsiretu kwa eni dera kuti anthu amapereka zingati. Ngati muli banja, mudzawerengere munthu aliyense, osati kupereka za m'modzi. Ngati mwatopa panjira, mudzatsazike ndi kupereka musanapatuke. Ndipo ana anu adzaone pamene mukupereka, chifukwa mwana amatsanzira zimene waona kuposa zimene wamva.