Musamulande mwana maginito ake

Amene anakulira ku Kanyama kapena ku George akudziwa masewerawa. Mwana akatola sipika yakufa amachotsamo maginito, n'kumangirira chingwe, n'kumakoka m'fumbi kuti atole misomali. Akuluakulu timamukalipira kuti akutaya nthawi. Ine ndikuti mwanayo wayamba kale sayansi, koma ife ndi amene timamugwetsa ulesi.

Mu 2004, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov ku Manchester anatenga graphite, chakuda chija cha mkati mwa pensulo, n'kumachisenda ndi tepi yomatira mpaka kunatsala kagawo kopyapyala, kokhala ndi mzere umodzi wokha wa maatomu. Kagawoka kamatchedwa graphene, ndipo kanawapatsa mphoto ya Nobel mu 2010.

Panatsala funso: kodi chinthu chopyapyala chonchi chingakhale maginito? Ambiri ankakayika, poti kutentha kumagwedeza timaginito ta m'maatomu kuti tisaloze mbali imodzi. Yankho linabwera mu 2017. Magulu a Xiaodong Xu wa ku University of Washington ndi Pablo Jarillo-Herrero wa ku MIT anasenda chromium triiodide ndi tepi, n'kupeza kuti gawo limodzi lokha ndi maginito ndithu. Magawo awiri akasanjikizana mphamvu zawo zimafafanizana, lachitatu likabwera mphamvu imabwerera. Vuto ndi lakuti izi zimachitika pozizira kwambiri, pafupifupi madigiri 228 pansi pa ziro. Akatswiri akufunafuna zina zopirira kutentha kwa m'nyumba, kuti mafoni ndi makompyuta azisunga zinthu zambiri popanda kudya moto wambiri. Amene anakhala mumdima mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa mtengo wa batire losatha msanga.

Wina anganene kuti komboni ikufuna madzi abwino ndi ngalande, osati maatomu. N'zoona, kolera sidikira. Koma wokonza ngalande ndi wofufuza maatomu onse amayamba ali mwana wofunsa kuti "chifukwa chiyani?" Dziko lathu limagulitsa kopa kunja, n'kudzagula foni yopangidwa kale pa Katondo Street. Phindu lalikulu limatsala kwa amene anafunsa mafunso.

UNZA ili pafupi ndi Kalingalinga, mwana atha kufikako wapansi. Aphunzitsi, maginito, misomali ndi tepi si zodula. Ana azigwira ndi manja, asamangokopera za pa bolodi. Makolo, mwana akabwera ndi sipika yakufa, mufunseni zimene wapeza.