Thumba la ufa lisagule nkhope ya munthu

Ramadhan ikangoyamba mafoni athu amadzaza ndi zithunzi za mtundu umodzi. Mayi wamasiye waima pakhonde la mzikiti, thumba la ufa m'manja, botolo la mafuta ophikira pamapazi, maso ali pansi. Pambali pake wopereka akumwetulira. Nthawi ya futari isanakwane, chithunzicho chazungulira m'magulu a WhatsApp kuchokera ku Chitakale mpaka ku Limbuli, wina wachiika kale pa Facebook kuti a ku Johannesburg aone. Ife tikuti mchitidwe umenewu ndi woipa ndipo uleke.

Yankho la makomiti timalidziwa: amene atumiza ndalama amafuna umboni. Sitikukana, chifukwa swadaqah imabedwa ndithu. Koma umboni ulipo wambiri. Pali lisiti la kumene katundu wagulidwa, pali chithunzi cha matumba ali pamulu asanagawidwe, pali kusaina kwa shehe ndi kwa mfumu ya m'mudzi. Nkhope ya gogo ikuwonjezerapo chiyani? Ndipo musatiuze kuti mwini wake anavomera. Munthu amene wasala tsiku lonse asakudziwa chomwe ana ake adye pa daku, mukamuuza kuti aime apo mumujambule, angakane bwanji? Wavomera ndi njala, osati iye. Sûrat Al-Baqarah, ndime 264, imatichenjeza kuti kukumbutsa ndi kupweteka mtima wa wolandira kumaononga malipiro a chopereka, ndipo ndime 271 imaika kupereka mobisa pamwamba. Chithunzi cha pa intaneti chimakumbutsa chaka ndi chaka, ngakhale mwana wa mayiyo atakula n'kupita ku sekondale kumene anzake ali ndi mafoni.

Koma choopsa kwambiri si nkhope. Ndi chiphaso. Kuyambira 2017, pamene National Registration Bureau inalembetsa nzika m'dziko lonse, kakhadi kameneka kasanduka kiyi wa zinthu zambiri. Mu 2018 tinalamulidwa kulembetsa ma SIM khadi athu, ndipo Mpamba, Airtel Money ndi akaunti ya kubanki zonse zimafuna chiphaso. Namondwe Freddy atatigwetsera nyumba mu Malichi 2023, anthu a kuno ku Mulanje anazolowera kuima pamzere n'kupereka dzina, mudzi, nambala ya foni ndi chiphaso kwa aliyense wonyamula kope. Chizolowezicho chinatsala. Lero wa komiti amangoti “bweretsani ndijambule kutsogolo ndi kumbuyo,” ndipo ziphaso makumi asanu zimagona mu foni imodzi yopanda nambala yachinsinsi. Foniyo ana amaseweretsa madzulo. Ikaonongeka imakagona masiku atatu kwa wokonza mafoni pamsika. Ikakalamba imagulitsidwa zithunzi zili momwemo.

Wakuba wa pafoni safuna zoposa pamenepa. Akadziwa dzina lonse la mayi, mudzi wake ndi kuti analandira thandizo pa mzikiti wakuti, amaimba mwaulemu, salaam patsogolo, n'kunena kuti mwasankhidwa kulowa mu Mtukula Pakhomo, tumizani kaye ndalama pang'ono yolembetsera. Mayiyo akhulupirira chifukwa woimbayo akumudziwa bwino. Wamudziwitsa ndani? Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata. Kumeneko kunali akatswiri olipidwa. Nanga foni ya mlembi wa komiti?

Malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu aliyense. Mu Juni 2024 lamulo la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mfundo zake n'zomveka: tenga za munthu pa chifukwa chodziwika, tenga zokhazo zimene ukufunikira, usazigwiritse ntchito ina, usazisunge ntchito itatha, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wopempha kuti zifufutidwe. Vuto n'loti lamuloli linalembedwa m'Chingerezi, ndipo gogo wa ku Muloza sadzakwera minibasi kukadandaula ku MACRA. Bungwelo likanalifotokoza m'Chichewa pa wailesi monga linachitira ndi kalembera wa ma SIM khadi, amene sanaphonye khutu la munthu. Pakadali pano womuteteza gogoyo ndi amene wagwira foni.

Ambiri mukukumbukira za Muslim Pro, pulogalamu ya pafoni yotiuza nthawi za swalah ndi mbali ya qiblah. Mu Novembala 2020 atolankhani a Motherboard ku United States anaulula kuti inkatumiza malo amene ogwiritsa ntchito ali ku kampani ya X-Mode, ndipo ena mwa makasitomala a kampaniyo ankagwira ntchito ndi asilikali a dzikolo. Eni pulogalamu anakana kuti anagulitsa kanthu kwa asilikali, koma anathetsa mgwirizano ndi X-Mode. Zinatheka motere: wolemba pulogalamu amaikamo kachidutswa kolembedwa ndi kampani ina, n'kumalandira ndalama, ndipo kachidutswako kamatumiza zimene foni yalola. Chonsecho kuti iwerengere nthawi ya Maghrib, pulogalamu imangofunika tsiku ndi malo, ndipo malowo mutha kulemba nokha kamodzi kuti Mulanje, osailola kukutsatani kulikonse. Asilamu padziko lonse tinakwiya, ndipo kunali koyenera. Koma sitingakwiyire kampani yakutali pa za ife, kenako n'kumwaza za mnansi wathu wosauka popanda kumufunsa.

Ophunzira a madrasa ndi a sekondale, nthawi zambiri ndi inu amene akuluakulu amakupatsani foni kuti mujambule. Zimene mumva ndi kuona pamzerepo ndi amaanah. Nenani mwaulemu kuti mujambula katundu, osati anthu, makamaka ana. Chiphaso chionedwe ndi maso, dzina lichongedwe m'kope, chibwezedwe kwa mwini wake. Kopelo likhale kwa munthu mmodzi wodziwika, lisajambulidwe n'kuponyedwa m'gulu. Ndipo makomiti amene agawa kale sabata yoyamba atsegule mafoni awo lero akamaliza Taraweeh, afufute ziphaso zonse, ayang'anenso mu foda ya WhatsApp ndi mu Google Photos, chifukwa chithunzi chofufutidwa pamalo amodzi chimatsala pamalo enawo.